Makwerero a Ba Goodwell

Ku Nangongwe palibe amene sadziwa Ba Goodwell Hamoonga, owotcherera mageti ndi mbaula. Ali mnyamata ankakwera matanki a kufakitale, ndipo mpaka lero akaona chinthu chachitali, mapazi amawayabwa.

M'mwezi wa Malichi mwana wawo Yande, namwino ku Italy, anawatumizira kavidiyo. Anthu ankakwera thanthwe loongoka ngati khoma, akuponda tizitsulo tokhomedwa m'mwala, lamba wa m'chiuno atamukoleka ku waya wokhuthala.

"Adadi, bamaichula via ferrata, njira ya nsimbi," anatero Yande pafoni. "Mukabwera na amami mu Julayi, ine na imwe tizayenda masiku anayi. Kugona ni mu tunyumba twa pamwamba pa phiri."

"Nilembe!" anakuwa Ba Goodwell. "Nilembe manje manje!"

Kuyambira tsiku limenelo nkhani inali imodzi. Anasindikizitsa mapu nawayala pa tebulo la ntchito, atawatsendereza ndi hamala. Wobwera kudzatenga geti sankachoka asanamve dzina la kanyumba kalikonse, maola ofikirako, ndi pamene pali mlatho wa waya. M'mawa ankakwera mapiri a kuseri kwa tauni, njerwa zinayi zili m'chikwama. Kenako anawotcherera makwerero pa nsanja ya tanki ya madzi kunyumba kwawo, namanga waya m'mbali mwake.

Akazi awo, Ba Phyllis, ogulitsa nsomba kumsika, ankangopukusa mutu. "Bashi Yande, imvi zonse izo, mufuna kukagwela ku ziko ya bene?"

Loweruka lina anawapeza atalendewera pakati pa nsanja, akulimbana ndi ngowe ziwiri za lamba. Lamulo lake n'lakuti imodzi izikhala yokoleka nthawi zonse, koma zala zawo zinkasokoneza. Ba Phyllis anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ngati n'chapafupi, bwelani muyese!" anatero Ba Goodwell, thukuta lili kamukamu.

Mayiwo anatula beseni, navala ovololo ya amuna awo ndi lamba uja. Koleka, ponda, koleka, ponda, kuphethira kamodzi ali pamwamba. Ataona mtsinje patali, mawu awo anamveka mpaka kwa aneba.

"Mayo! Niona mumana! Niona na buliji ya sitima!"

Anakana kutsika. Foni kwa Yande anaimbira komweko, mphepo ikuwomba.

"Iwe, ine sinizankala mu nyumba kuyembekeza. Naine niyenda ku phiri. Nifunile bedi mu tunyumba tuja."

Kanyumba kachiwiri kanapezeka kodzaza. Atatuwo anakambirana masabata awiri, mapu akuzunguliridwa ndi choko, mpaka anasankha njira ina yodutsa pa chigwa, yowonjezera tsiku limodzi. Ba Goodwell anavina pakhomo atamva kuti njirayo ili ndi thanthwe lalitali kuposa loyamba.

Nsapato za mapiri anakazipeza pa salaula, msika wa kaunjika, ku Lusaka. Ba Phyllis amapita nazo kumsika tsiku lililonse kuti zifewe, chitenje pamwamba, ndipo anzawo ogulitsa nsomba ayamba kale kufunsa ngati angabwere Loweruka kudzayesako nsanja.