Miyezi Isanu Osasuta

"Amake mwana, paja munkati amuna anu ku kadeya awachiritsa. Nanga apolisiya awatengeranjinso?" Anandifunsa choncho mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, tili pa mjigo. Ndinangotula ndowa pansi. Ndinanenadi zimenezo.

Amuna anga anamangidwa koyamba ataba mbuzi kuti agulire chamba ndi timapilisi tina tobwera ndi anthu a ku Zambia. Ku kadeya, ndende ya ku Tete, anakhalako chaka ndi theka. Kumeneko kunkabwera dotolo wa za m'mutu, ankakhazika akaidi m'gulu n'kumacheza nawo, ena kuwapatsa mankhwala oti azigona. Amuna anga anatuluka atanenepa, maso oyera. Mwana wathu ankamunyamula bwinobwino.

Anabwera ndi pepala loti mwezi uliwonse azikaonana ndi dotolo. Ulendo woyamba anapalasa njinga tsiku lathunthu kuchoka kwathu ku Chiputo mpaka ku vila, ku boma kwathu. Kumeneko anawauza kuti dotolo wa zimenezo kulibe, apite ku Tete konko. Kenako mvula inayamba, mitsinje inadzaza, kamyawu, galimoto yobweretsa katundu, inasiya kufika. Pepala lija ndinalipinda n'kuliika m'Baibulo.

Miyezi isanu sanasute, ndinkawerenga ndekha. Koma ganyu m'mudzi panalibe wowapatsa. Munthu akangowaona akudutsa, ankathamangira kukaona khola lake. Kumene anawalandira ndi ku maenje a golide, poti kumeneko safunsa kuti wachokera kuti.

Maenje ake ndi akuya, opanikiza, umatsika ndi chingwe. Palibe amatsika asanasute, amati chamba chimachotsa mantha. Anandiuza okha kuti tsiku loyamba anakana, anzawo n'kumawaseka: "Abusa, ndiye tsikani ndi nyimbo ya kwaya, tione ngati dothi limamva!" Anatsika osasuta. Tsiku lachitatu chambacho anachita kupempha okha.

Sindinawakalipire. Ndinkawaphikira, kuwachapira, mumtima ndikuti mvula ikatha tigulitsa nkhuku, apite ku Tete kuja. Isanathe n'komwe, anathyola khola la mkulu wa mpingo wathu. Ulendo uno awapatsa zaka zinayi.

Zapita ndi izi: njinga, imene anagulitsa okha ku maenje, mbuzi zathu zitatu, zimene ndinabwezera mwini khola, dimba la kudambo, poti ndekha ndi mwana kumsana ndalephera kulilima, ndi bambo wa mwanayu, amene pobwera adzamupeza atayamba kale sikola.