Nyanja Yamchere mu Holo ya pa Esiteti

Ndinali nditaphunzitsa chaka chimodzi chokha pa sukulu ya pa esiteti ya tiyi, kufupi ndi Luchenza, pamene mng'ono wanga anandiimbira foni. Iye ankaphunzira zaluso ku Blantyre, ndipo anali atapanga chinthu chimene ankachitcha nyanja. Ankafuna kuti ana anga a sitandade seveni akhale oyamba kuchiona.

Ndinavomera msanga. Ahedi anavomeranso, amanijala n'kutibwereka holo. Mantha anandigwira Lachisanu, katundu atatsika pa kabaza: laputopu, pulojekitala, kamera, masipika, mawaya, nsalu zakuda zotchingira mawindo, ndi kachipangizo kopana chala ngati kakuchipatala, kokhala ndi kanyale kofiira m'kati.

"Kameneka n'kachiyani?" ndinamufunsa.

"Kamamva kugunda kwa mtima, achemwali. Mtima ukakhala m'malo, nsomba zimabwera pafupi. Ukamathamanga, madzi amatentha, nsomba zimathawa, matanthwe amoyo a pansi pa nyanja amayera n'kufa. Zikuchitikadi m'nyanja zamchere."

Anthu kuno sanaiwale mphekesera za anamapopa, masiku amene mlendo wonyamula chikwama cha mawaya ankathamangitsidwa. Ine kwathu ndi ku Kasungu, ndipo Chilomwe ndinkangodziwa moni basi. Ndiye ndilowetse ana a eni m'chipinda cha mdima, ndiziwapana zala ndi kanthu kofiira?

Ndinauza ana kuti aitane makolo awo, kuti pasakhale chobisika. Loweruka masana anabwera ambiri kuposa momwe ndinkayembekezera, amayi ena akuchokera kumunda madengu a tiyi ali kumsana. Palibe amene analowa. Anaima pakhomo n'kumanong'onezana m'Chilomwe, ine osamva kanthu. Ndinayang'ana khomo la kuseri, n'kumaganiza kuti zikavuta mng'ono wanga ndimutulutsira kumeneko.

Akapitawo, bambo wamtali woyang'anira othyola tiyi, ndi amene anayankhula.

"Aphunzitsi, mwana wanga akuti muli kanthu koluma chala. Magaziwo akupita kuti?"

"Sikatenga magazi, bambo."

"Ndiye yambani inu, ife tione."

Akapitawo anachotsa okha nsalu ya pa windo limodzi kuti muwale pang'ono, anthu n'kuyamba kulowa mmodzimmodzi. Khoma lonse linali madzi obiriwira. Tinsomba tachikasu tinkazungulira matanthwe ofiirira, ndipo kamba wamkulu ankasambira mwaulesi chakudenga. Ndinaika chala m'kachipangizo kaja.

Nthawi yomweyo masipika anayamba kulira di di di ngati ng'oma ya tchopa. Nsomba zonse zinabalalika, matanthwe anayera mbee. Mayi wina anakuwa, ana awiri anathawira panja. Ndinangoti basi, zathera pano.

"Achemwali, pumani bwino," anandinong'oneza mng'ono wanga. Koma mtima sunandimvere.

Mayi wina wachitenje chabuluu, amene ndinkakumana naye pa mjigo m'mawa, anabwera n'kundigwira dzanja. Anachotsa kachipangizoko, anatembenuza chala changa uku ndi uku, akufuna bala. Sanapeze. Anaseka, nayankhula mokweza m'Chichewa kuti nanenso ndimve.

"Anthuni, aphunzitsiwa akutiopa ife! Ndi zimene zathawitsa nsombazi."

Anaika chala chake chodetsedwa ndi masamba a tiyi. Kugunda kunatsika. Patapita kanthawi kansomba kamodzi kanabwerera, kenako gulu lonse, matanthwe n'kuyambanso kufiira. Kamba uja anatsika mpaka kufika pa mthunzi wa mutu wake.

Kenako mng'ono wanga anapempha mtsikana wina kuti agwedeze jumbo kutsogolo kwa kamera. Majumbo anayamba kugwa pa khoma, kamba n'kumeza limodzi. Mng'ono wanga anafotokoza kuti jumbo lotayidwa mu mtsinje wa Thuchila limatha kulowa mu Ruo, kenako mu Shire ndi Zambezi, mpaka kunyanja yamchere. Akapitawo anafunsa ngati kamba wotere alikodi, kapena ndi wa pa kompyuta chabe. Atamva kuti aliko, anapukusa mutu. Chala chawo sanaikemo, ndipo mwana wawo anamuletsa.

Ana okwana theka la kalasi anayesa tsiku limenelo. Ine ndinaima pambali mpaka mapeto, maso ali pa nkhope za makolo, osati pa nsomba. Madzulo ndinaperekeza mng'ono wanga pa siteji ya Luchenza, ndipo sindinachoke mpaka minibasi itanyamuka.

Lolemba ana atatu sanabwere kusukulu. Ndinaphunzitsa masamu maso ali kukhomo. Awiri anabwera Lachitatu, akuti anali ndi chimfine. Wachitatu ndinamutsatira kwawo ku Goliati ndili ndi mawu opepesa okonzeratu. Ndinapeza akupalira chimanga ndi amalume ake, ndipo iwo, osatchula n'komwe za ku holo, anangondifunsa ngati mayeso ayandikira.