Mawu anga oyamba kwa apongozi

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa ku Kaporo, kwa Ankhonde. Kumeneko mkazi salankhula ndi apongozi ake aamuna, kuwayang'ana kumaso n'kosatheka. Ukawaona akubwera umapatuka n'kulowa m'nthochi. Ine wapakamwa ine ndinapirira zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka amayi a kutchalitchi ankanditama kuti ndine mkazi waulemu.

Tsiku la Khirisimasi apongoziwo anayamba mowa tisanapite n'kutchalitchi komwe. Masana ndikutsuka mbale kuseri, ndinamva akuti atenga njinga yawo yamoto apite ku Mwenilondo, akaonetse mdzukulu kwa alongo awo. Mdzukuluyo anali mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu, atavala diresi lachikasu lomwe ndinamusokera sabata yomweyo.

Ndinasuzumira. Abale inu, munthu ankalephera ngakhale kulowetsa kiyi! Mwamuna wanga anali kudimba la mpunga, kotseka madzi a mvula ya m'mawa. Ndinathamangira kwa apongozi aakazi kuti akawaletse. Iwo anangoseka, amvekere bambowa msewu umenewu amaudziwa ngati khonde lawo, ndipo mowa sunawagwetsepo.

Kuchokera pamene ndinaima kukafika panjingapo sipakanakwana mapazi khumi. Mwanayo, atamukhazika patsogolo, anandikwezera dzanja. Ine ndinabwerera kuseri kwa nyumba monga anandilangizira pokwatiwa, nditagwira pakamwa. Ulemu umenewo ndimadana nawo mpaka lero.

Sanapite patali. Polowa mumsewu waukulu anakhotera kutsogolo kwa lole yochokera kumalire. Iwo anathyoka mwendo basi. Mwana wanga tinamuika m'mawa mwake kukugwa mvula, nyumba zina mawailesi akuimbabe nyimbo za Khirisimasi.

Patatha mwezi apongozi aamunawo anatuluka m'chipatala, ndipo anabwera pa ndodo kudzaima pakhomo panga. Amayi amene anali pabwalo ankandikodola kuti ndithawe. Kuthawiranji? Ndinaimirira n'kuwayang'ana kumaso koyamba, ndipo ndinaona kuti mwana wanga anatengera maso awo. Zimenezo palibe anandiuzapo.

Ndinali nditakonza mawu ambiri, ena otukwana, koma onse anandithawa. Amene anatuluka ndi aja anandikhala pakhosi kuyambira tsiku lija.

"Bambo, mwaledzera. Musamutenge mwanayo."