Galimoto Imene Inawakana Che Bakali

Che Bakali ndi mai Elenala anaonana koyamba pamsewu wa ku Likangala, chaka china cha mvula yambiri. Lole yonyamula mpunga inali itafera m'matope, ndipo kunsi kwake kunkangooneka miyendo iwiri yowonda. Elenala, ali namwali nthawiyo, anatula dengu n'kufunsa ngati mwini miyendoyo anali moyo.

"Ine ndili moyo, chemwali," anayankha mawu a kunsiko. "Yodwala ndi loleyi. Tandipatsirani sipanalayo."

Anawapatsira yolakwika, onse n'kuseka. Mpunga wa chaka chotsatira utacha, anakwatirana.

Kwa Mwambo konse Che Bakali ankadziwika kuti amakonza galimoto ndi khutu. Ankaimirira chete, mutu atapendeketsa, injini ikulira, kenako n'kuloza pamene pakudwala. Za magetsi anali ndi njira imodzi yomwe anaphunzira kwa amisiri akale: kutenga waya kuchokera kubatire n'kugunditsa pa chinthu chimene akuchikayikira. Hutala ikalira, nyali ikayaka, ndiye kuti n'zamoyo. Njirayo inawadyetsa mpaka imvi zinabwera.

Atakalamba, mai Elenala anagwidwa matenda a shuga, ndipo paphazi panatuluka bala losapola. Achipatala ku Zomba anati azibwera pafupipafupi kudzatsukitsa, apo ayi mwendo udzapita. Mwana wawo Nasra, yemwe ankagwira ntchito ku Joni, anawatumizira kagalimoto kogula kwa wina, koma kamakono. Che Bakali ankakakonda ngati mwana wa muukalamba. Akanyamulako matemba a anansi, ankapita nako kudoko kukatsuka monga amachitira aliyense, ndipo ankatsegula boneti n'kukhuthulira ndowa za madzi a m'nyanja ya Chilwa pa injini, monga ankachitira ndi malole akale.

M'mawa wina, tsiku la kuchipatala litayandikira, nyali yofiira inayaka pamaso pa chiwongolero. Atapondako buleki, inali gwa ngati chitsa. Galimoto inakaima patali, pafupi ndi nkhokwe ya eni.

Sanade nkhawa. Anayang'ana mafuta a mabuleki, anali odzaza. Anatsata mapaipi mpaka kumagudumu, panalibe podontha. Anafika pa busita, chitini chakuda chija chimene chimathandiza phazi kuti buleki ifewe, n'kuikapo khutu kuti amve ngati mpweya ukuthawa. Kunali zii. Pambali pake anapeza kanthu kakang'ono ngati chala, kokhala ndi mawaya atatu owonda ngati ulusi. Anakayang'ana nthawi yaitali. Sikankalira, sikankatentha, sikankanjenjemera. Khutu lawo linalibe chogwira.

"Abambo a Nasra, mwakhalitsatu m'kamwa mwa galimotomo," anatero mai Elenala ali pamkeka, mwendo atausanjika pampando. "Ikumezani."

"Ikandimeza mudzakwatiwa ndi wakabaza, amake Nasra. Azidzakunyamulani ulere."

"Ndi mwendo uno? Itanani ana a masiku ano aja, ali ndi makina awo."

Koma mmisiri wa mawaya anali kutali m'tauni, ndipo pafoni anati ntchito yamuchulukira, abwera akapeza mpata. Che Bakali anayang'ana nsanza ya paphazi la akazi awo, yomwe inali itayamba kunyowa. Anatenga waya wawo wakale, anakoletsa kubatire, n'kugunditsa pa kamodzi ka timawaya tija.

Sipanaoneke moto. Panangomveka kafungo ka pulasitiki wopsa. Atatembenuza kiyi, nyali zonse zinayaka pamodzi, zofiira ndi zachikasu, koma injini sinayankhe. Anayesanso. Anasintha mafyuzi, anabwereka batire la woyendetsa boti ya ku chilumba cha Chisi, anaitana anthu kuti akankhe. Galimoto inangoti duu.

Tsiku la kuchipatala mai Elenala anakwezedwa panjinga yamoto, Che Bakali atakhala kumbuyo kuwagwirira. Msewu unali wa mabampu ndi zithaphwi. Maiwo sanalire, ankangoluma nsonga ya chitenje, ndipo amuna awo ankamva msana wawo ukuuma pa bampu iliyonse. Pobwerera mai Elenala anati, "Ulendo wotere ine ayi. Bola balali lizindipwetekera pakhomo." Masiku otsatira a kuchipatala ena anapita, ambiri anaphonya.

Mmisiri uja anafika mochedwa. Anali mtsikana, dzina lake Ulemu, ndipo anawapatsa moni atagwada. Analumikiza makina ake, kenako anazula pulagi ya kanthu kaja n'kuwaonetsa mkati mwake. Munali mobiriwira.

"Agogo, aka ndi kasensa. Kamauza kompyuta ya galimoto ngati m'busita muli mphamvu yokwanira, kuti ikachepa pampu iyambe kukoka mpweya. Kanali kabwinobwino. Mchere wa m'nyanjamu ndiwo unadya timano ta pulagiyi, uthenga n'kuduka. Kukanangofunika kupukuta."

"Nanga tsopano?"

Ulemu anayang'ana pansi. "Mawaya awa amafuna moto wochepa kwambiri. Wa kubatire unalowa mpaka m'kompyuta. Yapsa, ndipo ya mtundu uwu kuno sipezeka wamba."

Che Bakali anangogwedeza mutu. Anamuthokoza, anamupatsa mpunga wa m'thumba, n'kumuperekeza mpaka kumsewu.

Nasra anafunafuna kompyutayo, koma imene inabwera sinagwirizane ndi galimotoyo. Mvula isanathe, mai Elenala anadulidwa mwendo m'munsi mwa bondo. Sanawanenepo amuna awo ngakhale kamodzi, ndipo wina akayamba nkhani ya galimotoyo ankaidula n'kufunsa za mtengo wa feteleza. Anakhala zaka zingapo akuyenda ndi ndodo, akupeta mpunga pakhonde, mpaka anatsogola.

Che Bakali anatsala okha, maso atayamba kuchita khungu. Tsiku lina masana mnansi wawo, bambo Saulos, anakankhira njinga yamoto pabwalo.

"Achimwene, hutala yaleka kulira. Tangogunditsani waya wanu uja, timve."

Mkuluyo anadzuka pang'onopang'ono, anaizungulira njingayo, anawerama n'kuyang'anitsitsa pansi pa nyali. Manja anali atawapinda kumbuyo.

"Ili apa pulagi yake," anatero. "Muzule nokha, muone ngati mwabiriwira."

"Inu simugwirako?"

"Ayi. Ine ndingoima pano, ndiziona."