Chimanga Chamawanga cha Amayi

Fungo la fodya wowotchedwa m'mabalani likandipeza, ngakhale lero, ndimabwerera ku komboni ya pulazi, famu ina ya mzungu ku Goromonzi m'dziko la Achishona, kumene ndinabadwira, nthawi ya Chitaganya. Dzinja limene ndimalikumbukira kwambiri ndinali kamtsikana kongoyamba kuguluka mano. Utsi unkakwawa pamwamba pa nyumba zathu zaudzu, ndipo ngakhale zovala zoyanika zinkanunkha fodya.

Kuseri kwa komboni, pafupi ndi chulu, amayi anali ndi kamunda kawo. Minda ya mzungu inali mizere yowongoka ya mbewu imodzi mpaka polekezera maso, koma ka amayi kanali kosakaniza: nyemba zikuyanga m'mapesi, maungu atayala pansi, khobwe, therere, ndi nzama zimene anzanga Achishona ankati nyimo. Chimene amayi ankachikonda koposa chinali chimanga chamawanga, cha njere zofiira, zoyera ndi zakuda pachitsononkho chimodzi. Mbewu yake anachoka nayo ku Dedza ataimanga pansonga ya nsalu, pamene ankatsatira abambo ku pulaziko.

Chaka chimenecho mzungu anayamba kulima chimanga cha mtundu watsopano choti azigulitsa ngati mbewu. Tsiku lina masana kunabwera a Nkhoma, kapitawo wa papulazi, chipewa chili m'manja. Anakhala pansi osawayang'ana amayi kumaso.

"Anaphiri, mundikhululukire. Bwana akuti chimanga chonse cha m'komboni chidulidwe chisanatulutse ngayaye. Akuti mphepo idzaulutsa ufa wa ngayaye zanu n'kukaipitsa mbewu yake."

"Nanga ine mbewu ndidzaitenganso kuti, achimwene? Yonse ndinadzala."

"Wokana, ntchito yatha, nyumba yomwe," anatero a Nkhoma motsitsa mawu.

Abambo anadula okha, kukana kuti chikwanje cha munthu wina chilowe m'munda wa akazi awo. Amayi ankatsogola, kumasula nyemba paphesi lililonse pang'onopang'ono ngati akuvula mwana wodwala. Ife ana tinkangosangalala, tikutafuna mapesi otsekemera aja, madzi ake akuyenderera m'zigongono. Amayi sanalire. Anangosiya kuimba pochapa, ndipo pakhomo pathu panakhala zii mpaka mvula inatha.

Nthawi yokolola kunafika Mai Rudo, mayi Wachishona wa ku ruzevha, midzi ya kutsidya kwa waya wa pulazi, amene ankabwera kudzagulitsa masamba ofutsa. Anatula dengu pakhonde, nachotsa masamba apamwamba. Pansi pake panali chikonyo cha chimanga chamawanga.

"Makanganwa here, Mai Esinati?" anafunsa, akuwaitana amayi ndi dzina langa. "Mwaiwala? Chaka chija munanditapira mbewu yodzaza dzanja, ine n'kukupatsani mawere. Kwathu yabereka."

Amayi anakhala pansi, miyendo tambalale, naomba m'manja mwa Chishona, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Anatenga chimanga chimodzi n'kuchinunkhiza nthawi yaitali.

Ine ndinkafuna andikazingire. Ndinalira, ndinagubuduka m'fumbi, koma amayi sanandipatse ngakhale njere imodzi. Popeza lamulo la mzungu linali lidakalipo, anatonola chikonyo chija n'kugawa. Gawo lina linabwerera ndi Mai Rudo kuti akadzalenso, lina anapatsira mayi wina amene banja lake linkasamukira ku pulazi ya ku Norton, linanso anamangira bambo wina wokalamba amene ankabwerera kumudzi ku Nyasalande. Chotsala pang'ono anachipachika kudenga, pautsi, posafika dzanja langa.

Masiku amenewo ndinkaona ngati amayi ndi ouma manja kwa mwana wawo, koma opatsa kwa anthu apadera, ndipo ndinawasungira mkwiyo kwa kanthawi ndithu. Pano ndakalamba, ndipo ndikudziwa kuti papulazi ya eni amayi analibe dothi limene akanalitcha lawo, ngakhale poimika nkhokwe. Malo okhawo amene akanasungapo mbewu yawo anali m'manja mwa anthu.