Tiyi wa m'munda wa nandolo

Zinayamba Lachiwiri lina la mwezi wa Febuluwale, nthawi ili cha m'ma faifi m'mawa, chaka chomwe ndinasiya ntchito ya zankhalango ku Chambe. Nkhungu inali itatsika m'phiri mpaka pakhomo. Chitseko cha amayi chinali chotsegula, mphasa yawo ilibe munthu.

Ndinawapeza m'munda wa nandolo wa mayi wina woyandikana nafe. Anaima m'mame, nkhungu itawafika m'chiuno ngati awoloka mtsinje. Manja awo ankayenda mofulumira pansonga za nandolo, kutchola timasamba tanthete n'kuponya kumbuyo kudzera paphewa.

"Amayi, mukutani kuno?"

"Pepani akapitawo, ndachedwa," anandiyankha m'Chilomwe, chomwe anasiya kalekale kulankhula nafe.

Amayi anatchola tiyi kuesiteti kuyambira ali mtsikana, atangofika kuchokera kudziko lolamulidwa ndi Apwitikizi. Tsopano anali atayamba kuiwala. Mchere ankathira kawiri. Ine ankanditcha mlongo wawo, tsiku lina kapitawo.

Ndinapita nawo kuchipatala kuboma, khadi lawo lachipani lili m'thumba mwanga kuopa angalitaye. Dokotala anawayeza pamtima, nati, "Ndi ukalamba uwu, achimwene. Mankhwala ake palibe." Pobwerera, basi inkadutsa m'minda ya tiyi. Ndinkadziwa kuti kuno kuli anthu ophunzira ofufuza matenda a tiyi, tsamba likangochita mawanga amalipima. Ndinadzifunsa ngati m'dziko muno alipo amene anapatsidwa ntchito yofufuza chomwe chimafufuta maina a ana m'mutu mwa mayi wawo. Sindinafunse aliyense. Masiku amenewo funso lokhudza dziko munthu unkalisunga m'mimba.

Amayi sanasiye. Mbandakucha uliwonse ankalowa m'munda uja, ndipo mudzi unayamba kunong'ona. Nkhalamba yotenga masamba m'munda wa mwini kusanache, ikulankhula yokha, ndiye kuti ikukawa, kukoka zokolola za mnzake mwamatsenga. Ku Milonde ndinaonapo gogo wina atathamangitsidwa m'nyumba mwake pankhani yotere.

Mwini munda anabwera madzulo ena. "Bambo, Loweruka ndikaitana sing'anga. Nandolo wanga asathere m'nkhokwe mwanu."

"Musanapite, mayi, mudzawaone kaye. Mudzangoima pambali panga."

"Kuti andilodze ndikuona?"

Komabe anabwera. Tinaima pansi pa mtengo wa mapeyala, phiri likutuluka pang'onopang'ono mu nkhungu. Amayi analowa mumzere, nayamba ntchito. Mayi uja anayang'ana nthawi yaitali. Nayenso anatcholapo tiyi asanakwatiwe. Ndinaona zala zake zikuyenda zokha pachitenje ngati zikutchola tiyi.

"Masamba awiri ndi kansonga," anatero motsitsa mawu. Kenaka anakuwa, "Anganga! Mwadumpha mtengo apo, akapitawo akuonani!"

Amayi anabwerera msanga, natchola pomwe anadumphapo. Mayi uja anaseka mpaka anapukuta m'maso.

"Za sing'anga zatha, ndikawauza anthu. Koma nandolo wanga nanga? Akumusiya wadazi."

Tsiku lonse ndinaganiza za mawu amenewo. M'mawa mwake ndinatenga khasu, ndinaitana mayi uja kumalire a minda yathu. Ndinamupatsa mizere yanga ya chinangwa ya kumunsi, iye nandisiyira nandolo wa m'mphepete, woyang'ana kunyumba ya amayi. Ndinalambula kanjira kuchokera pakhomo pawo, ndinachotsa miyala yonse kuti asapunthwe.