Pamapu Analemba Kuti Msitu

Ine zoyendayenda m'nyumba zoonetsera zinthu zakale sindizikonda ayi. Tsiku lopuma ndi lochapa ndi kuwongola miyendo, chifukwa ntchito yotembenuza odwala kuchipatala chachikulu cha ku Dublin, kuno ku Ireland, imandisiya msana uli gwa. Koma Loweruka limenelo mwana wanga wamkazi anachita kundikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Kusukulu anawauza kuti alembe za anthu amene ankayeza malo ndi kujambula mapu ku America kalekale, ndipo m'tauni munali chionetsero cha zipangizo zawo.

Mtima wanga unali kwina. Miyezi iwiri yathunthu achimwene anga kumudzi anakhala akundiimbira za manda athu. Munthu wina wa m'tauni anagula malo kuseri kwa mudzi, ndipo mapu akale amene anabwera nawo ankasonyeza kuti pamene pagona amayi ndi makolo awo onse ndi msitu chabe, mitengo yoti akhoza kudula. Achimwene ankati akapita kokadandaula, ankangowayalira pepalalo patebulo n'kuwafunsa kuti mandawo ali pati.

Titalowa, mwana anathamangira kumapu. Ine ndinaima chilili pa bokosi lagalasi limene linali pafupi ndi khomo. M'katimo anapindamo tcheni chachitsulo choyezera malo, cha mfundo zazitali ngati chikhatho, chokhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri.  Ndinali ndisanachionepo ndi maso tcheni chotere, koma ndinkachidziwa, pakuti bambo anandifotokozera mfundo ndi mfundo chaka chimene anadwala matenda owatengawo.

Ali mnyamata, atangokwatira kumene m'mudzi mwa amayi, bambo anapeza ganyu yokoka tcheni kwa mzungu wina woyeza malo. Tsiku lina anafika pa mitengo ikuluikulu yakuseri kwa mudzi. Mzunguyo analoza ndi pensulo n'kufunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti pamenepo n'chiyani. Tsono taganizani, mkamwini wadzulodzulo angatsegule pakamwa n'kutchula manda a apongozi ake, eni mudzi ali pomwepo akumva? Ngakhale kuloza ndi chala sitiloza. Bambo anawerama n'kunena mmene aliyense kwathu amanenera mwaulemu: "Kumeneko n'kumsitu, bwana." Eni mudzi anagwedeza mitu, kuyamikira kuti mkamwiniyu analeredwa bwino. Mzungu uja analemba m'kabuku kake kuti mitengo.

"Ndinazindikira mochedwa, mwanawe," anatero bambo ali gone pamphasa. "Manda aja ndinawafufuta ndine, ndi pakamwa pangapa."

Achimwene sindinawauzepo zimenezi, mpaka lero. Ndinkachita manyazi m'malo mwa munthu wakufa.

Mayi wina wachikulire wa ku Ireland konkuno, amene ankafotokozera alendo, anatiitana kuti tione mapu a chigwa china. Anali okongola, sindinama. Mtsinje unali wokhotakhota bwino, timitengo tojambula ndi inki tili mbwee, mizere yowongoka ikudula pakati. Mayiyo anati m'chigwamo munkakhala eni dziko, midzi yawo ndi minda yawo, ndipo ena mwa iwo ndi amene ankalondolera oyezawo njira. Koma papepalapo panalibe ngakhale kanyumba kamodzi.

"Nanga akufa awo anali pati?" Ndinafunsa mokweza kuposa mmene ndinkafunira, mpaka anthu anacheuka. Mwana wanga ananditsina pamkono, kuti Mami mwayambatu. Mayiyo anayang'ana mapuwo nthawi yaitali, kenako anati sakudziwa, palibe anazilemba.

Pobwerera ku Tallaght, kumene timakhala, tinakwera Luas, sitima yoyenda m'tauni, kunja kukuwaza kamvula kosatha kaja. Ndinamufotokozera mwana zonse, kuyambira pa tcheni. Iye amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, ndipo zimandipsetsa mtima tsiku lililonse, koma tsiku limenelo ndinamusiya. Analanda foni yanga, akuti masiku ano mapu amajambulidwa kuchokera kumwamba, palibenso zofunsa munthu. Anafufuza dzina la sukulu yakwathu, ine n'kumamulondolera: tsika ndi msewu, dutsa chigayo, khota padambo. Mwadzidzidzi, uwo! Kuseri kwa madenga a mudzi, pakati pa minda yofiira, panali kadontho kobiriwira, kozungulira bwinobwino. Misozi inangotsika yokha, anthu akuona, ine osasamala.

Ndinaimba pomwepo.

"Achimwene, ndikuwaona! Mitengo yonse ilipo, ndikuiona pafoni pano. Tiwatumizire chithunzichi anthu amene mumakadandaulako aja, aone okha kuti pamalo pamenepa khasu silinagwepo chiyambire."

 Kumbuyo kwawo ndinkamva mphepo yokhayokha, yopanda choitchinga.

"Achemwali, chithunzi chanucho n'chakale," anatero. "Wogula malo uja anabwera ndi makina odulira mitengo Lachitatu. Ndimasowa poyambira kukuuzani."

Ndinafunsa za amayi. Manda awo analibe mwala, tinkawadziwira mtengo wa muwanga umene unali kumutu.

"Ndi chimene ndabwerera kuno," anatero achimwene. "Kuyambira m'mawa ndikuzungulira, paliponse pangofanana. Pano ndaima, ndipo ndikuopa kusuntha phazi. Mwina ndawaponda kale."